Kabuleta ilibe mlandu, yambani mwaona zina

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga amene tikusungabe galimoto zakale zoyendera kabuleta, monga Volkswagen Beetle, Peugeot 404, Morris Minor ndi Land Rover ya Series. Pali chizolowezi china chimene chimandiwawa mtima. Munthu amasula kabuleta, aitsuka bwinobwino, aika magasiketi atsopano, n'kuimanganso. Injini ikangotsokomola pang'ono, watola kale sikuludiraiva, akupotokola kasikuluu kalikonse kamene maso ake aona. Dzuwa likamalowa galimoto yafika pomazima yokha, ndiye mumva akuti kabuleta inatha, tifune ina.

Ntchito ya kabuleta ndi kusakaniza mpweya ndi petulo basi, pafupifupi magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo tikayeza kulemera kwake. Woyatsa ndi moto wa pa pulagi. Mapointi opereka motowo akapsa, taimingi (nthawi imene motowo umayaka) ikachedwa, kapena mavavu akathina, injini imanjenjemera ndi kufooka mofanana ndendende ndi ya kabuleta yosachunidwa. Ine sindikhudza sikuluu ndisanathane ndi zitatu zimenezi.

Kenako funani pamene mpweya ukulowera mwakuba. Ambiri akamamanga kabuleta pa manifodi, paipi yolowetsa msakanizo mu injini, amalimbitsa manati mopitirira muyeso, tsinde lake n'kupindika, mpweya n'kumadutsa m'mbali mwa gasiketi. Kabuleta ya Zenith ya pa Land Rover imadziwika ndi vuto lopindika. Kwinanso ndi pa kachitsulo kozungulira kamene kamatsegula pakhosi pa kabuleta mukaponda moto. Kakaperepeseka kamasiya mpata, ndipo magasiketi atsopano sachiza zimenezo. Kagwedezeni ndi chala, mumva ngati kakusewera. Injini ikulira pang'onopang'ono, fayirani mankhwala otsukira kabuleta m'malo okayikitsawo. Kulira kukasintha, mwapeza pobooka. Koma samalani, mankhwalawo sachedwa kuyaka akagwera pa ekizozi yotentha.

Pa fuloti, kachinthu koyandama m'kabeseni ka petulo ka m'kabuleta, m'pamene ndimataya nthawi yambiri, chifukwa petulo akakhala wosakwana kapena wopitirira m'kabeseni kaja, chilichonse chimene mungachune chikhala chabodza. Akachuluka, mumva fungo la petulo mukatsegula boneti, utsi utuluka wakuda, ndipo injini ikatentha ivuta kuliza. Akachepa, galimoto iyenda bwino pachidikha koma pamtunda iyamba kudukiza. Fuloti ya mkuwa igwedezeni pafupi ndi khutu. Mukamva madzimadzi mkati, yabooka, ikumira m'malo moyandama. Musaiwale thanki. Kachidutswa kamodzi ka dzimbiri kakakhala pa kasingano kotseka petulo, kabuleta yongokonzedwa kumene isefukira tsiku lomwelo, ndiye ikani sefa yatsopano pa paipi. Amene mwaika pampu yamagetsi, makabuleta ambiri amafuna mphamvu yochepa, cha m'ma 3 psi (muyeso wa mphamvu yokankhira). Pampu ya galimoto za injekishoni imakankha kuposa 40, singagwirizane nayo. Mapaipi akale a labala nawo amafumbutuka ndi petulo wosakaniza ethanol, tizidutswa take n'kukatseka majeti, timabowo todutsira petulo m'kabuleta.

Zonsezi zikakhala bwino, tsopano gwirani sikuluu. Injini ikhale itatentha, choki chitatseguka chonse. Makabuleta ambiri ali ndi sikuluu ziwiri, ina ya msakanizo, ina ya liwiro la injini galimoto ikaima. Ya msakanizoyo itsekeni mofatsa mpaka ingokhudza, osaifinya, chifukwa nsonga yake ndi yosalimba. Itseguleni kuzungulira kumodzi ndi theka kapena kuwiri. Kuchokera apo muzisuntha pang'onopang'ono, n'kudikira injini iyankhe musanasunthenso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pamene injini yalira mosalala ndi mokwera koposa, siyani pomwepo, n'kutsitsa liwiro ndi sikuluu inayo kufika pa mlingo wolembedwa m'buku la galimotoyo.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti pa makabuleta ambiri sikuluu ya msakanizo imalamula injini ikamalira pansipansi pokha. Ngati galimoto ikubanika mukaponda moto mwadzidzidzi, zimitsani injini, chotsani sefa ya mpweya, suzumirani pakhosi wina akuponda. Pa kabuleta ya Solex kapena Weber muyenera kuona petulo akutsanyuka ngati kaulusi. Kakasowa, kapampu kothira petulo woonjezera kafa kapena katsekeka. Kabuleta ya SU ya pa Morris ndi Mini ilibe kapampu kameneka. Iyo imadalira mafuta a m'kachitini ka pamwamba, ndipo akauma imabanika chimodzimodzi. Thiranimo mafuta musanaimasule.

Mukayenda ulendo wautali ndithu, masulani mapulagi. Ofiirira motuwa ndiye kuti zili bwino. Akuda ndi mwaye, petulo wachuluka. Oyera mbuu, petulo wachepa, ndipo uku n'koopsa kwambiri chifukwa injini imatentha mpaka kuotcha mavavu.

Pempho langa kwa amakaniko achinyamata ndi loti musataye majeti akale. Pa jeti iliyonse pamadindidwa nambala, ndipo imene yabwera m'paketi ya zokonzera siifanana nthawi zonse ndi imene injini yanu imafuna. Ziyerekezeni musanamange. Jeti yotsekeka muziipemerera ndi mpweya wa kompulesa, osaitokosa ndi waya, chifukwa bowo likangokula silibwereranso.

Ine wanu,
Makaniko wopuma pantchito