Ampangankhani ako asanu ndi bwalo la Atchaina

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno kwacha bwino, kaya iwe kumeneko. Zojambula zako zija ndaziona, pamodzi ndi pepala limene wagawirapo ampangankhani asanu a katuni yako potsata chiphunzitso cha ku China cha mtengo, moto, dothi, chitsulo ndi madzi. Dzanja lako lakhwima, pamenepo ndilibe mawu. Kagawidweko ndiko sindinakhutire nako. Wovala zofiira wamupatsa moto, wodziwa kusambira wamupatsa madzi, wonyamula lupanga wamupatsa chitsulo. Ukatero wangomata mayina pa zovala. Chiphunzitsochi, chomwe eni ake amachitcha wuxing, chimakamba za zimene zisanuzi zimachitirana, ndipo katuni yako ipindula nacho pokhapokha ukachigwira pamenepo.

Tenga pepala lopanda kanthu. Jambula bwalo, uikepo madontho asanu motsata mmene umayendera muvi wa wotchi: mtengo, moto, dothi, chitsulo, madzi. Ndondomekoyi usaisinthe, chifukwa ukasinthanitsa awiri okha zonse zasokonekera. Lumikiza madonthowo m'mphepete mwa bwalo. Kumeneko ndi kudyetsana: nkhuni zimadyetsa moto, moto umasiya phulusa limene limasanduka dothi, m'dothi mumatuluka chitsulo, chitsulo chimabala madzi, madzi amameretsa mtengo. Za chitsulo kubala madzi zimavuta ambiri. Ena amati ndi mame amene amagwira pa chitsulo chozizira, ena amati ndi chitsulo chosungunuka chimene chimayenda ngati madzi. Usataye nazo nthawi. Tsopano lumikizanso madonthowo m'kati, uku ukudumpha limodzi nthawi iliyonse, mpaka patuluke nyenyezi ya nsonga zisanu. Kumeneko ndi kugonjetsana: mizu ya mtengo imang'amba dothi, dothi limatchinga madzi, madzi amazima moto, moto umasungunula chitsulo, chitsulo chimadula mtengo.

Werenga mizereyo. Ilipo 10, isanu yodyetsana ndi isanu yogonjetsana, ndipo anthu asanu ukawaika awiriawiri amapanga magulu 10 ndendende. Ndiye kuti palibe awiri m'gulu lako amene alibe chowalumikiza. Aliyense ali ndi wom'lera, wom'dalira, wom'gwira pakhosi, ndi wina amene iyeyo amam'gwira pakhosi. Chuma chake ndi chimenecho. Ngakhale Zou Yan, katswiri wa nzeru wa ku China amene anakhala ndi moyo cha m'ma 305 mpaka 240 Khristu asanabadwe ndipo anachikonza bwino chiphunzitsochi, ankachigwiritsa ntchito pofotokoza chifukwa chimene ufumu wina umagwetsera unzake. Mfumu yoyamba ya Qin itagwirizanitsa China mu 221 Khristu asanabadwe, inasankha madzi ndi mtundu wakuda chifukwa ufumu wa Zhou umene inaulowa m'malo unkatengedwa kuti ndi moto.

Za makhalidwe a anthu zimachokera kwambiri m'buku lakale la zachipatala lotchedwa Huangdi Neijing. M'menemo mtengo umayenda ndi chiwindi, mkwiyo ndi kufuula. Moto ndi mtima, chimwemwe ndi kuseka. Dothi ndi kapamba, kulingalira kosatha ndi kuimba. Chitsulo ndi mapapo, chisoni ndi kulira. Madzi ndi impso, mantha ndi kubuula. Taona pamenepo: mkwiyo ndi wa mtengo. Apa ndi pamene ambiri amaphonya, ndipo nawenso waphonya. Mnyamata wako wa mtima wapachala uja, amene safuna kuuzidwa chochita ndipo akaona khomo lotseka amalikankha ndi phewa, ndi mtengo weniweni, mphukira yoboola nthaka. Moto ndi mtsikana uja wosatha kukhala chete, woseka mokweza, wopanga ubwenzi ndi aliyense, amene amayamba zinthu zitatu n'kuzisiya zonse panjira. Ophunzira a Confucius, mphunzitsi wakale wa ku China, anawonjezerapo ukoma wa chilichonse: mtengo chifundo, moto ulemu ndi mwambo, dothi kukhulupirika, chitsulo chilungamo, madzi nzeru. Uzigwiritsa ntchito zonse ziwiri. Ukoma ndi mmene munthuyo amakhalira zinthu zikamayenda, pamene mkwiyo, mantha kapena chisoni ndi mmene amaphulikira akapanikizika.

Pofuna kudziwa kuti mpangankhani ndi wa chiti, kaya ndi wako kaya wa katuni ya ena, bisa kaye zovala zake ndi mphamvu zake zodabwitsa. Muone m'malo atatu: pamene mapulani alephereka, pamene ali yekha, ndi pamene akukangana ndi mnzake wapamtima. Gawo limodzi la katuni silikwana, onera atatu kapena kuposa, chifukwa olemba amakonda kum'sintha munthu m'gawo limodzi pofuna nthabwala. Lemba zimene wachita, osati zimene wanena. Wadothi zinthu zikavuta amafunsa ngati onse adya, ndipo usiku sagona poganizira mavuto a anzake. Wachitsulo amakumbutsa lamulo, amasunga zida zake mwadongosolo, sakhululuka msanga, ndipo kawirikawiri pali chimene anataya kale chomwe sakamba. Wamadzi amayankhula pomalizira, amadziwa njira yothawira asanalowe m'nyumba, amazungulira chopinga m'malo mochiswa. Ukatha, um'patse chimodzi chachikulu ndi china chaching'ono. Ukam'patsa zitatu wasanduka phala, owonera sangam'gwire.

Kenaka yesa yankho lako ndi nyenyezi ija. Ngati wati uyu ndi moto, ndani m'gulumo amene akangolowa iyeyu amazizira? Ameneyo ayenera kukhala wamadzi. Zikapanda kugwirizana, m'modzi wa awiriwo wam'gawa molakwa. Buku lomwelija limanenanso kuti chisoni chimagonjetsa mkwiyo, mkwiyo umagonjetsa kulingalira, kulingalira kumagonjetsa mantha, mantha amagonjetsa chimwemwe, chimwemwe chimagonjetsa chisoni. Kwa wolemba nkhani mzere umenewu ndi wagolide. Mnyamata waukali uja sangatonthozedwe ndi wom'kalipira. Amene angam'khazike pansi ndi wachitsulo pom'uza mofatsa za m'bale wake amene anamwalira. Ndipo wadothi, mayi wa gulu uja amene wakhala akudandaula magawo anayi osachita kanthu adzadzuka tsiku limene wamtengo adzam'psetsa mtima.

Chitsanzo chabwino kuposa zonse chili m'nthano ya ulendo wa kumadzulo, Xiyouji, imene inasindikizidwa mu 1592 ndipo yajambulidwa m'makatuni kambirimbiri. Mitu ya machaputala ake imam'tchula Sun Wukong, nyani uja, kuti chitsulo. Zhu Bajie, nkhumba yadyera ija, kuti mtengo. Ndipo Sha Wujing, mnzawo wa paulendowo, kuti dothi. Chitsulo chimadula mtengo, n'chifukwa chake nyani sasiya kuzunza nkhumba ulendo wonse, pamene wadothi amayenda pakati, n'kumawayanjanitsa. Nyani yemweyo amatchedwanso nyani wa mtima, ndipo mtima ndi wa moto. Waona? Chachikulu ndi chaching'ono, ndipo ziwirizo zimalimbana m'thupi limodzi, moto kusungunula chitsulo. Mpangankhani amene zinthu zake ziwiri zimagonjetsana amakoma kum'lemba kuposa amene zake zimadyetsana, pakuti nkhondo amayenda nayo.

Chenjera ndi makatuni amene amaoneka ngati akutsata chiphunzitsochi koma ayi. Avatar: The Last Airbender ili ndi zinayi, madzi, dothi, moto ndi mpweya, ndipo mpweya mulibe mu wuxing. Naruto ili ndi zisanu, koma ziwiri mwa izo ndi mphepo ndi mphezi. Amene ali pafupi ndi Sailor Moon, chifukwa m'Chijapani mapulaneti amatchedwa ndi mayina a zinthu zisanuzi: Mercury madzi, Mars moto, Jupiter mtengo, Venus chitsulo, Saturn dothi. Komabe kumeneko n'kutsata mayina ndi mphamvu, ndiye makhalidwe a atsikanawo uwayese wekha ndi njira ndakupatsa ija.

Msampha wina ndi wa chaka chobadwa. Udzamva kuti zaka zothera ndi 0 kapena 1 ndi chitsulo, 2 kapena 3 madzi, 4 kapena 5 mtengo, 6 kapena 7 moto, 8 kapena 9 dothi. N'zoona, ndi mmene kalendala ya Atchaina imayendera, ndipo 2024 chinali chaka cha mtengo, 2026 cha moto. Koma chaka chawo chimayamba pakati pa 21 Januwale ndi 20 Febuluwale, kotero wobadwa kumayambiriro kwa Januwale amawerengedwa ku chaka chapitacho. Ngakhale utawerenga bwino, zimenezo n'zakalendala. Chaka chimene katuni inatuluka sichikuuza kanthu za mtima wa mpangankhani.

Nkhani yako ikayamba kuzizira pakati, bwalo lomwelo lili ndi mankhwala ake. Eni chiphunzitsochi amati kugonjetsana kumalakwika m'njira ziwiri. Yoyamba, wogonjetsa amapyola muyeso: wachitsulo amadzudzula wamtengo mpaka mnyamatayo kusiya kuyesa chilichonse. Yachiwiri, wogonjetsedwa amakula mphamvu n'kubwezera: moto waukulu umaphwetsa madzi, mtengo wolimba umabunthitsa nkhwangwa, chigumula chimakokolola dothi. Gawo limene wamadzi wamantha uja adzam'tembenukira mayi wa gulu, lisunge cha kumapeto, ndipo ulikonzere njira kuyambira pachiyambi. Kudyetsana nakonso kumaipa kukachuluka: nkhuni zambiri zimazimitsa moto, monga mnzako wokuthandiza kwambiri mpaka kukusowetsa mpweya. Ndipo ukam'chotsa m'modzi pa gulu, ona amene avutike. Wadothi akachoka, wachitsulo alibe wom'lera ndipo wamadzi alibe wom'letsa. Gawo lathunthu latuluka pamenepo popanda kubweretsa mdani watsopano.

Pa maonekedwe, chaputala 64 cha Lingshu, gawo lachiwiri la buku la zachipatala lija, chimagawa anthu m'mitundu isanu, uliwonse n'kuugawanso kasanu kukwana 25. Wamtengo nkhope yaitali ndi msana woongoka, wamoto chibwano chosongoka ndi kuyenda mofulumira, wadothi nkhope yozungulira, mimba yaikulu ndi miyendo yokhazikika, wachitsulo nkhope ya ngodya zinayi, wamadzi mutu waukulu ndi msana wautali. Zimenezi zikuthandiza kuti asanuwo azizindikirika ngakhale utawadetsa onse n'kutsala chithunzithunzi chokha. Mitundu yake ndi kubiriwira, kufiira, chikasu, kuyera ndi kuda, koma iwe uiike pa lamba, mpango kapena nsapato. Pakhungu ayi. Chaputala chomwecho chimati wamadzi ndi wakuda ndipo amakonda kunyenga anzake. Ankanena za maonekedwe a nkhope za odwala a kwawo, koma ukazijambula mmene zalembedwera, ana athu adzaona munthu wakuda ali kazitape wa gulu. Kumbukiranso kuti choyera kwa iwo ndi mtundu wa maliro, ndiye chimagwirizana ndi chisoni cha wachitsulo.

Ngati nkhani yako ichitikira ku China, moto ukhale kummwera, madzi kumpoto, mtengo kummawa, chitsulo kumadzulo, dothi pakati. Ukaibweretsa kuno, kumunsi kwa equator, mphepo yozizira imachokera kummwera, ndipo nyengo zawo zinayi sizikumana ndi dzinja ndi chilimwe chathu. Zikatero siya za nyengo ndi mbali za dziko, usunge bwalo ndi nyenyezi basi, ndipo kumapeto kwa katuniyo ulembe poyera kumene nzeruyi yachokera.

Chimodzi ndikupempha monga kholo: bwaloli likhale la anthu a papepala. Usam'uze mwamuna wako kuti ndi wachitsulo n'chifukwa chake mumakangana, kapena kusankha ojambula anzako potsata chaka chimene anabadwa. Ndipo chifuwa chikakuvuta pita kuchipatala, usati ndi chisoni cha m'mapapo.

Gawanso asanuwo, ulembe chiganizo chimodzi pa mzere uliwonse wa mizere 10 ija chonena zimene awiriwo amachitirana, unditumizire usanayambe kujambula gawo lachiwiri. Mzere umene ukusowere chiganizo, pamenepo ndi pamene tidzayambire kukambirana. Undiperekere moni kwa bambo a kunyumbako ndi adzukulu anga.

Ndine,
Mayi ako