Mbalame za Merzbow komanso za ku Elephant Marsh

A Mkonzi,

Achinyamata ojambula nyimbo kuno ku Chigwa cha Shire amvereko 13 Japanese Birds ya Merzbow, katswiri wopanga nyimbo wa ku Japan yemwe dzina lake lenileni ndi Masami Akita. Ndi zimbale 13 zomwe kampani ya nyimbo ya Important Records inkatulutsa chimodzi pamwezi, kuyambira Januwale 2009 mpaka Januwale 2010. Chilichonse anachitcha dzina la mbalame monga kadzidzi, khwangwala, zinziri ndi kakowa. Koma musayembekezere kulira kokoma, muli ng'oma ndi chiphokoso cha makina chogonthetsa m'kutu.

Ofuna kupanga zawozawo akajambule kulira kwa mbalame ku dambo la Elephant Marsh mbandakucha, mphepo isanayambe. Maikolofoni ivekedwe siponji, apo ayi mujambula mphepo yokhayokha. Mawu asakwere mpaka kufika pofiira pa mita ya chojambulira. Akasweka pojambula sakonzekanso, pomwe kuwaswa mwadala pa kompyuta n'kosavuta. Ng'ona ziliko, musatsike m'bwato.

Wokonda nyimbo,
Nchalo