Tisamadikire Disembala kuti tidziwe mmene ana akukhozera

A Mkonzi,

Ndilembeko za ana athu amene ali m'makoleji ndi m'mayunivesite kuno ku Joni. Ambirife timangolipira fizi basi, ukamufunsa mwana sukulu ikuyenda bwanji amangoti bhobho, nkhani yathera pompo.

Pomwe vuto limayamba kale mu Malichi, pa ma test oyambirira. Module imodzi yokha ya semisita yoyamba akailakwa, nthawi zina ina ya kutsogolo samulola kuitenga, ndiye amadikira chaka chamawa kuti abwereze, digiri ya zaka 3 ija yasanduka ya zaka 4 makolo osadziwa kanthu. Ndipo ife obwera, ana athu sapata NSFAS (thandizo la boma la ndalama za sukulu), imeneyo ndi ya eni dziko, ndiye chaka choonjezeracho ndi fizi ina, medical aid ina, rent ku Braamfontein, kuphatikizanso kukawonjezera study visa. Ndalama zake ndi zomwezi zimene mayi akuchapira anthu zovala ku Sandton, bambo akudulira kapinga.

Sukulu sizingakuuzeni malikisi a mwana wamkulu popanda chilolezo chake, lamulo la POPIA limateteza zimenezo, chabwino. Koma mwanayo ali ndi portal ya sukulu pa foni pamene amaonera malikisi ake, akuwonetseni yekha, osati screenshot ayi, zija amazikonza. Mu Epulo khalani naye pansi muone limodzi, ngati zikuvuta apite kwa tutor kapena advisor mayeso a Juni asanafike.

Makoleji nawonso aziyitana mwana akangoyamba kujomba, osadikira kumulembera kalata yomuchotsa.

Kholo lodandaula,
Rosettenville, Johannesburg