Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zachuma: malo a kafukufuku a kumpoto asamadikire ndalama mvula itagwa kale

Olemekezeka a Nduna,

Tikulemba ife amene timaphunzitsa ndi kufufuza za ulimi, zaumoyo ndi zachilengedwe. Nkhani yathu ndi ya masiteshoni a kafukufuku a chigawo cha kumpoto: Lunyangwa ku Mzuzu, Mbawa ku Mzimba, Mkondezi ku Nkhata Bay, Ntchenachena ku Rumphi, Baka ku Karonga ndi Meru ku Chitipa, pamodzi ndi malo a zaumoyo a ku Chilumba ndi misasa ya ofufuza ku Nyika, ku Vwaza ndi ku Malema. Munthu woona bajeti ali ku Lilongwe angaone ngati malowa amangodya ndalama. Ali kutali, mafuta a galimoto amapita ambiri, ndipo chaka chimatha popanda chooneka ndi maso. Koma chuma cha siteshoni yotere ndi kaundula wosadukiza wa zaka zambiri, ndipo kaundulayo akaduka palibe ndalama imene ingamulumikize.

Chilumba ndi umboni wake. Ntchito ya kumeneko inayamba mu 1979 ngati kafukufuku wa khate, antchito akuyenda khomo ndi khomo m'boma lonse la Karonga kuyeza anthu pakhungu. Pakati pa 1986 ndi 1989 anthu oposa 120,000 analowa m'kafukufuku wa BCG, katemera wa TB, kuti aone ngati angateteze ku khate ndi ku TB. Zotsatira zinatuluka mu 1996: kubaya BCG kachiwiri kunachepetsa khate ndi pafupifupi theka, koma sikunateteze ku TB ya m'mapapo. Yankho limenelo linadikira zaka khumi, ndipo linapezeka chifukwa panali anthu okhala pomwepo amene ankadziwa kuti uje wobayidwa chaka chakuti wasamukira mudzi uti. Timadontho ta magazi touma pa timapepala, totengedwa pofufuza khate, tinadzaonetsa pambuyo pake kuti kachilombo ka HIV kanalipo kale ku Karonga mu 1982. Amene ankasunga timapepalato sankadziwa kuti tidzayankha funso limenelo.

Kuyambira 2002 dera lozungulira Chilumba lili ndi kalembera wosalekeza wa anthu oposa 30,000. Munthu mmodzi wa m'mudzi amayang'anira mabanja angapo, ndipo mwezi ndi mwezi amapereka lipoti la ana obadwa ndi anthu omwalira. Chaka chilichonse antchito amadzawerenganso onse, ndipo pakagwa maliro amadzacheza ndi achibale kuti adziwe chimene chinapha munthuyo. Mankhwala a ma ARV atayamba kuperekedwa ku Karonga mu 2005, kalemberayu ndiye anaonetsa kuti imfa za akuluakulu zatsika m'midzi, osati m'mabuku a chipatala mokha. Ndalama zambiri za ntchitoyi zakhala zikuchokera kunja, makamaka ku bungwe la ku Britain la Wellcome Trust, ndipo kudulidwa kwa thandizo la dziko la America mu 2025 kwatikumbutsa kuti mwini thumba akhoza kulimanga tsiku lililonse. Boma liyenera kukhala ndi gawo lake lokwanira kuti kalembera asaime, ndi kuti mafiriji osunga magazi pa madigiri 80 kunsi kwa ziro asazime. Magetsi akathima ndipo jenereta ilibe dizilo, m'masiku owerengeka zosungidwa za zaka makumi zimasungunuka n'kuonongeka.

Pa ulimi funso limene timamva kawirikawiri ndi lakuti, masiteshoni aakulu a Chitedze ku Lilongwe ndi Bvumbwe ku Thyolo alipo, nanga enawa ngachiyani? Chitedze singayankhire mlimi wa mpunga wa Kilombero m'chigwa chotentha cha Karonga, pafupifupi mamita 500 pamwamba pa nyanja yamchere, kapena mlimi wa khofi ku Misuku ndi ku Phoka, kumene chifunga chimabweretsa matenda oolesa zipatso za khofi. Mbewu yatsopano isanavomerezedwe imayenera kuyesedwa m'malo osiyanasiyana kwa nyengo zingapo.

Kuyesako kuli ndi malamulo ake. Pa chimanga, mtundu uliwonse umabzalidwa m'timinda titatu kapena tinayi tomwazikana m'munda, kuti chonde cha ngodya imodzi chisatinamize. Kamunda kamodzi kamakhala ndi mizere inayi yotalika mamita 5, yotalikirana masentimita 75, phando lililonse mbewu imodzi pa masentimita 25, zomwe zimapereka mapesi pafupifupi 53,000 pa hekitala. Timinda tonse tibzalidwe tsiku limodzi, feteleza wokulitsa alowe tsiku limodzi, wobereketsa atsatire pakatha milungu itatu kapena inayi. Pokolola timatenga mizere iwiri ya pakati yokha, kuyeza pa sikelo, kuyeza chinyezi, n'kuwerengetsa ngati chimanga chonse chauma kufika pa 12.5 peresenti. Feteleza akachedwa milungu iwiri, kapena aganyu akasiya kupalira theka la munda chifukwa sanalipidwe, manambala a chaka chimenecho salinganso ndi a chaka chatha. Ndalama zolimira, zogulira mbewu ndi za malipiro zapita, koma yankho palibe, ndipo mlimi adikiranso chaka china.

Apa ndi pamene dzanja lanu lili ndi mphamvu, a Nduna. Chaka cha boma tsopano chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi. Siteshoni imafuna ndalama zake zambiri pakati pa Seputembala ndi Novembala: kukonza thirakitala, kugula feteleza, zikhomo ndi zingwe zodulira timinda, matumba ndi timapepala tolembapo mayina a mbewu. Imafunanso zina mu Epulo ndi Meyi zokololera, pamene mabuku a chaka chakale atsekedwa ndipo ndalama za chaka chatsopano zikungoyamba kuyenda. Kumpoto mvula imachedwa kuleka, moti ku Karonga ndi ku Nkhata Bay imagwa yamphamvu mu Malichi ndi Epulo. Kugawa ndalama mofanana mwezi ndi mwezi kumayenera ofesi ya m'tauni, munda sikuuyenera. Tikupempha kuti siteshoni iliyonse ikhale ndi mzere wakewake m'bajeti, ndalama za zipangizo zituluke pofika Seputembala, ndipo za kukolola ziloledwe kuwoloka pa 31 Malichi osabwezedwa ku thumba la boma.

Chinangwa, mbatata ndi nthochi sizisungidwa m'botolo ngati chimanga. Mitundu yake imasungidwa yamoyo m'munda, ndipo chinangwa ndi mbatata zimayenera kudulidwa ndi kubzalidwanso nyengo ndi nyengo, mtundu uliwonse pa mzere wake ndi chikwangwani chake. Moto wa m'chilimwe ukalowa chifukwa njira yotchinga moto sinalambulidwe, kapena mbuzi zikapeza mpanda wothyoka, mtundu umene agogo anasankha kwa zaka zambiri umatheratu. Alimi a ku Nkhata Bay akudziwa mmene chisaka chinapululira nthochi zawo. Matendawa amafalitsidwa ndi nsabwe za nthochi ndiponso mphukira zodwala, ndipo mankhwala ake palibe: kuzula phata lonse, kupha nsabwe, n'kubzala mbewu yopanda matenda kutali ndi minda yodwala. Mbewu yoteroyo imafuna nyumba ya ukonde yosang'ambika pafupi ndi alimiwo, ndipo pa dera limenelo malo ake ndi Mkondezi.

Za nyengo n'chimodzimodzi. Kuti tinene kuti mvula ya ku Chitipa kapena ku Bolero yasintha, pamafunika zaka 30 za manambala a tsiku ndi tsiku, owerengedwa 8 koloko mmawa. Makina odziwerengera okha ndi abwino, koma batire lake limafooka, sola imakutidwa ndi fumbi, masamba ndi mavu zimatseka kukamwa kwa choyezera mvula, ndipo makinawo amalemba ziro kunja kukugwa chimvula. Pamafunika munthu wopita kukatsegula ndi kupukuta mlungu uliwonse. Ku Vwaza nakonso pamafunika munthu: misampha ya kashembe, ntchentche yofalitsa kaodzera, yopangidwa ndi nsalu yabuluu ndi yakuda, imasiya kukopa ntchentchezo nsalu ikasuluka ndi dzuwa. Chipatala cha Rumphi, chimene chimalandira odwala kaodzera a m'mphepete mwa Vwaza, ndi chimodzi mwa malo amene anayesera fexinidazole, mankhwala akumwa a matendawa.

Tsono ophunzira. Mzuzu University ndi University of Livingstonia zili pakati pa chuma chimene mayunivesite a kunja amachilipirira ndege kuti achione. Ku Uraha, m'boma la Karonga, kunapezeka mu 1991 nsagwada ya munthu wakale ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Mafupa a Malawisaurus, chinyama chachikulu chamakedzana cha mtundu wa dinosaur, anafukulidwa m'boma lomwelo la Karonga. Pa Nyika pali mitundu yoposa 200 ya maluwa a orchid, ndipo kufupi ndi Nkhata Bay nyanja imazama mamita pafupifupi 700. N'zopweteka kuti mwana wa ku Rumphi amalize digiri ya zachilengedwe asanagone usiku umodzi pa Chelinda, msasa wa pa Nyika, pamene ndi makilomita ongopitirira 100 kuchokera pa boma. Ulendo wa tsiku limodzi suphunzitsa kanthu, nthawi yonse imathera pa msewu. Wophunzira amafunika milungu iwiri: adule yekha timinda, akumbe dzenje la mita imodzi aone kusanjikizana kwa dothi, atchere msampha madzulo n'kukauona mmawa, alakwitse kulemba chikwangwani n'kuona mmene kulakwako kumasokonezera manambala onse.

Zofunika kuti izi zitheke si zambiri. Siteshoni iliyonse ikhale ndi nyumba yogona ophunzira 30, mjigo kapena thanki ya madzi, sola yokwanira kuyatsa firiji ndi makompyuta, mamaikulosikopu khumi, sikelo zoyezedwa chaka chilichonse, ndi galimoto imodzi yolimba yotha kukwera Chiweta ndi kudutsa matope a msewu wa ku Thazima. Koposa izi, pakhale nyumba zabwino ndi ndalama yapadera ya antchito okhala kutali. Wothandizira kafukufuku amene wakhala pa siteshoni zaka khumi ndi zisanu amadziwa ngodya imene imadikha madzi ndi mzere umene uli ndi mtundu uti wa chinangwa ngakhale chikwangwani chitadyedwa ndi chiswe. Akapuma ntchito popanda wachinyamata amene wayenda naye nyengo ziwiri kapena zitatu, nzeru zimenezo zimapita naye. Mipando ya antchito oterewa ikakhala yopanda munthu, tikupempha kuti chilolezo cholembera ena chisadikire kuti bajeti ipepuke, ndipo mabuku akale a mvula ndi zokolola amene ali m'makabati a masiteshoniwa ajambulidwe ndi kulowetsedwa m'kompyuta chaka chino, chinyezi ndi chiswe zisanawamalize.

Ndife anu,
Aphunzitsi ndi ofufuza za ulimi, zaumoyo ndi zachilengedwe