Msilikali amene anathawa sitima yake ku Alexandria

Akonzi,

Mwezi wa Novembala ukafika timakumbukira asilikali amene anafera ku nkhondo ziwiri zikuluzikulu, ndipo mawu amene amachuluka pa mwambowo ndi akuti anali anthu omvera. Ndiloleni ndikambepo za msilikali wina wa ku France amene kwawo amamulemekeza chifukwa chokana kumvera. Dzina lake ndi Honoré d'Estienne d'Orves.

Anabadwa mu 1901, naphunzira ku École Polytechnique, ndipo mu 1923 analowa usilikali wa pamadzi. Pamene dziko la France linagonja kwa Germany mu Juni 1940, iye anali m'sitima ya nkhondo yotchedwa Duquesne, padoko la Alexandria ku Egypt. Mkulu wawo, Godfroy, anagwirizana ndi Angerezi kuti sitimazo zingokhala phee padokopo. D'Estienne d'Orves sizinamukomere. Anatsika m'sitima, nadzitcha dzina lina loti Chateauvieux kuti banja lake lisavutitsidwe, ndipo pofika kumapeto kwa Seputembala anali ku London, kwa de Gaulle, mtsogoleri wa Afalansa amene anakana kugonja. Kwa boma la Vichy, lomwe linkalamulira France mogwirizana ndi Ajeremani, ameneyu anali wothawa usilikali basi. Musaiwale kuti ku France anali atasiya mkazi ndi ana asanu.

Akanatha kukhala mu ofesi ku London, poti ntchito anali atamupatsa. Koma pa 21 Disembala 1940 anakwera boti la asodzi lotchedwa Marie-Louise kuchokera ku Newlyn ku England, nakatsikira ku Plogoff, m'chigawo cha Brittany ku France. Anakakhazikika ku Nantes, kumene gulu lake la akazitape, Nemrod, linkasonkhanitsa nkhani za madoko ndi sitima za Ajeremani. Pa tsiku la Khirisimasi uthenga wawo wa pa wailesi unafika ku London.

Apa m'pamene pamandipweteka. Mnyamata amene ankagwira wailesiyo, Alfred Gaessler, anabwera limodzi ndi d'Estienne d'Orves m'boti lomwe lija. Makhalidwe ake atayamba kukayikitsa, bwana wake anaganiza zongomubweza ku England. Koma mnyamatayo anali atapita kale kukaulula zonse kwa Ajeremani. Usiku wa pa 21 Januwale 1941 anam'gwira d'Estienne d'Orves, atangotha mwezi umodzi wokha ali pantchito. Ine ndimaona kuti pa ukazitape bamboyu anali wofatsa mopitirira, ndipo kufatsako kunapweteketsa anthu ambiri, chifukwa Ajeremani anapitiriza kutumiza mauthenga abodza ku London pa wailesi yomweyo.

Mlandu unazengedwa mu Meyi ku Paris. Iye anayesetsa kusenza yekha mlandu wonse kuti anzake apulumuke, mpaka woweruza wa Chijeremani amene anam'gamula kuti aphedwe anam'pemphera chikhululuko kwa akuluakulu ake. Sichinabwere. Pa 21 Ogasiti msilikali wa Germany anawomberedwa pa siteshoni ya Barbès mu Paris, ndipo Ajeremani anafuna kuopseza anthu. Pa 29 Ogasiti 1941, ku Mont-Valérien, pafupi ndi Paris, Ajeremani anawombera d'Estienne d'Orves pamodzi ndi anzake a m'gulu lija, Maurice Barlier ndi Yan Doornik. Anakana kumangidwa nsalu kumaso.

Mwina ena afunsa kuti zimenezi zikutikhudza bwanji. Mu 1942 asilikali a KAR (King's African Rifles) ochokera kuno ku Nyasaland anakamenya nkhondo ku Madagascar, ndipo amene ankalimbana nawo sanali Ajeremani ayi, anali asilikali a boma la Vichy, lomwe lija d'Estienne d'Orves analikana. Agogo athu ankawomberana ndi Afalansa amene anamvera lamulo la akuluakulu awo.

Pempho langa, Akonzi, n'lakuti Novembala akubwerayu musatipatse zithunzi za nkhata za maluwa zokha. Tilembereniko za nkhondo ya ku Madagascar, ndi chifukwa chake France inali pawiri.

Wowerenga wanu,
Zomba