Kalata kwa mwana wanga amene akuphunzitsa za bizinesi ndi makina a AI

Ngabu, Chikwawa

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino ku Blantyre, iwe, akamwini ndi adzukulu anga. Kuno tilipo, kungoti dzuwa likuswa mtengo monga umadziwira Chigwa chathu mvula isanagwe.

Ndakhala ndikusinkhasinkha zimene unatiuza pa foni, zakuti akuluakulu ako akusenzetsa udindo wokonza phunziro latsopano la ophunzira a digiri yachiwiri ya za bizinesi, loti adziwe kugwiritsa ntchito makina a AI, aja a pakompyuta amene amayankha mafunso ndi kulemba ngati munthu, pa ntchito za tsiku ndi tsiku za mu ofesi. Ndakondwera nazo, ndipo usandiike m'gulu la okalamba amene amati zinthu zimenezi zipusitsa ana. Chitulukireni ChatGPT, amodzi mwa makina amenewa, mu Novembala 2022, anthu ambiri olemba makalata ndi malipoti akuigwiritsa kale ntchito, ena poyera, ena mobisa, choncho n'kwabwino kuti aiphunzire pamaso pa mphunzitsi. Koma ine amene ndakalambira pa sikelo ya thonje ndi mabuku a maakaunti ndikupempha chinthu chimodzi: wophunzira wako asamalize phunzirolo akungodziwa kufunsa makina, koma azitha kuyankha yekha pa chiwerengero chilichonse chimene chili m'lipoti lake, popeza pansi pa lipoti pamasaina munthu, ndipo zikavuta amene amaitanidwa ndi munthu yemweyo.

Makinawa anaphunzitsidwa ndi zolembedwa zochuluka zedi, ndipo akamayankha amalumikiza mawu amene kawirikawiri amayendera limodzi m'zolembazo. N'chifukwa chake amalemba mosalala ngakhale pamene choonadi palibe, ngati kalaliki watsopano wachangu amene amachita manyazi kunena kuti sakudziwa. Mu 2023 khoti lina ku New York linalipiritsa maloya chindapusa cha madola 5,000 chifukwa anapereka chikalata chotchula milandu yakale imene sinachitikepo, yopekedwa ndi ChatGPT. Amenewo anali anthu ophunzira, ndipo chinawagwetsa si umbuli koma kusatsegula mabuku kuti atsimikize.

Kuno kwathu vutolo n'lokulirapo, chifukwa zambiri zimene zimapindulitsa kapena kugwetsa malonda m'Chigwa sizinalembedwe paliponse pamene makina angaziwerenge. Uza wophunzira kuti afunse makina pulani yogula ng'ombe ku Bangula n'kumakagulitsa ku Blantyre, ndipo m'kanthawi kochepa adzalandira pepala lokongola, la mitu ndi ziwerengero zake zooneka zolongosoka. Umufunse tsono ngati pepalalo lawerengera miyezi imene boma limatseka misika ya ziweto ku Chikwawa ndi ku Nsanje matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi akabuka, kapena mafuta amene lole yodzaza imamwa pokwera phiri kuchokera pa Thabwa, kapena milungu imene madzi osefukira amadula njira. Ngati mu pulaniyo muli filiji yosungira nyama, umukumbutse kuti namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022 dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi anavuta kupitirira chaka. Ngati muli ngongole kapena katundu wochokera kunja, aonetse chimene chingachitike kwacha itagwa monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Makina akhoza kuwerengera zonsezi bwino lomwe, koma pokhapokha munthu wodziwa dera atawauza, ndipo kudziwa choti uwauze ndilo luso limene olemba ntchito adzalipire.

Ndikukumbutse mmene tinkagwirira ntchito pa msika wa thonje, pakuti unali wamng'ono pamene unkandibweretsera chakudya kumeneko. Mlimi akafika ndi thonje lake, wogula asanayang'ane sikelo ankapisa mkono mpaka m'chigongono, kuti amve ngati m'kati mukuzizira chifukwa chothiridwa madzi, kapena ngati muli mchenga. Kenako kalaliki ankalemba makilogalamu pa lisiti ya kaboni, ina ya mlimi, ina yotsala m'buku. Madzulo palibe ankachoka tisanaphatikize makilogalamu onse, kuwachulukitsa ndi mtengo wa tsikulo, n'kuyerekeza ndi ndalama zotsala m'bokosi, ndipo pakasiyana ngakhale pang'ono tinkabwereza lisiti imodziimodzi pa nyali ya palafini. Lero makina akhoza kusanja malisiti amenewo pa pulogalamu ya pakompyuta ya Excel munthu asanamalize kumwa tiyi, ndipo zimenezo n'zabwino ndithu. Koma kupisa mkono ndi kuyerekeza kwa madzulo kukadali ntchito ya munthu.

Choncho uziwapatsa ophunzira ako mapepala enieni a ntchito, osokonekera monga amakhalira: malisiti olembedwa pamanja, mainvoisi obwerezedwa, mndandanda wa katundu wosagwirizana ndi zimene zili m'nyumba yosungiramo. Makina asanje, alembe chidule, akonze kalata yopita kubanki, kenako wophunzira aime pamaso pa anzake, iwe uloze chiwerengero chimodzi n'kufunsa kuti chachokera kuti. Malikisi ambiri azipita kwa amene wapeza pamene makina analakwitsa n'kufotokoza mmene wapezera, osati kwa amene wabweretsa pepala la Chingerezi chosalala, chifukwa Chingerezi chotere masiku ano aliyense akhoza kuchipeza mosavutikira. Ndikudziwa kuti kuyesa ophunzira motere kumadya nthawi ndipo kalasi ikakhala yaikulu udzatopa, komabe sindikuona njira ina yodziwira amene wamvetsa.

Usaiwale za chinsinsi. Mndandanda wa malipiro a antchito, maina a alimi ndi manambala awo a Airtel Money kapena Mpamba si zinthu zoti munthu azingoziponya m'makina a kampani yakunja pofuna kufulumira, ndipo dziko lathu lili ndi lamulo la 2024 loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu. Aphunzire kufufuta maina asanafunse chilichonse. Uonenso kuti ntchito zimene ukupereka zikhale zotheka kwa wophunzira amene amagula bandulo yochepa ndi kugwiritsa ntchito makina aulere, kuopera kuti ungamapereke malikisi kwa thumba la munthu.

Pali china chimene makinawa sanachifikepo. Amalemba bwino m'Chingerezi, koma m'Chichewa amapunthwa, ndipo m'Chisena ndiye zimavutiratu. Manijala amene adzatumizidwe ku Nchalo, ku Kasinthula kapena kumadera amene ngalande yaikulu yothirira yochokera ku Kapichira ikudutsa, adzakambirana za malo ndi madzi ndi anyakwawa, magulupu ndi makomiti a alimi, ndipo kumeneko nkhani siyenda ndi kalata yosindikizidwa. Amafunika kudziwa woyamba kumuona ndani, kukhala pansi, kudikira akulu amalize kulankhula, ndi kumva kukana kumene kwabisala m'mawu akuti “tamva, tikaganizira.” Makina amuthandize kukonzekera mafunso ndi ziwerengero usiku, koma kubwaloko adzapita yekha, ndipo ndikanakonda kuti m'phunziro lako mukhale tsiku loyeserera zimenezi.

Ngati akuluakulu ako angalole, ubwere nawo ophunzirawo kuno nyengo yogulitsa thonje, aliyense atanyamula pulani imene analemba mothandizidwa ndi makina, kuti adzaiyerekeze ndi zimene adzaone pa sikelo ndi kumva kwa alimi. Ndikhoza kulankhula ndi anzanga a kukopaletivi kuti awalandire, koma undidziwitse mwezi ukadalipo kuti ndikapemphe bwino kwa amfumu. Amayi ako akupereka moni, ndipo akuti pobwera udzatenge magalasi awo a maso amene anaiwala kwanuko.

Ndine bambo ako.