Kuwerenga agulugufe mu Zomba Loweruka lino

Anzanga owerenga agulugufe,

Loweruka lino tikumana pa geti la Botanical Gardens 8:30 m'mawa, kuyamba 9 koloko dzuwa litakwera chifukwa kukazizira iwowa sauluka. Tigawana magulu awiri, lina litsata mtsinje wa Mulunguzi, lina lilowera m'tauni kuyang'ana m'mipanda ya maluwa a lantana ndi m'mayadi momwe muli mandimu. Agulugufe aja akuluakulu akuda a madontho achikasu amaikira mazira pa masamba anthete a mandimu ndi malalanje ndiye osamangoyang'ana m'mwamba, onaninso pamasambapo, mbozi zake zikadali zazing'ono zimaoneka ngati zitosi za mbalame moti ambiri amangozidutsa. Tikufuna tione kuti komwe anthu amatchetcha udzu ndi kupopera mankhwala kwatsala mitundu ingati poyerekeza ndi kumtsinje.

Mubweretse:
- foni yodzaza moto, muikiretu iNaturalist (app yotumizirapo zithunzi za zamoyo kuti mudziwe mtundu wake) kunyumba
- kabuku ndi bolopeni
- madzi akumwa ndi chipewa
- K2,000 ya zoziziritsa kukhosi

Neti ayi, kugwira ndi manja ayi, mapiko aja sachedwa kuonongeka. Kujambula basi.

Amene mukubwera yankhani pano pofika Lachinayi madzulo, munenenso gulu lomwe mukufuna.